Kupenya zokongola kumapumitsa mtima ndi maso

Anthu ambiri okhala m'makomboni amadzuka kukali mdima. Amai athamangira ku pompi madzi asanaleke kutuluka, ena ali kale panjira kukaoda matimati ndi ndiwo zokagulitsa pamsika, abambo ali pamzere wa minibasi kapena akupalasa njinga kupita ku nchito. Pofika madzulo munthu wadutsa pansi pa mitengo yambiri, koma atafunsidwa kuti ndi uti umene uli ndi maluwa sangayankhe. Maso ake anali pansi, maganizo ali pa lendi, pa ndalama za sukulu ndi pa thumba la unga.

Nkhawa yotere imafika m'thupi. Munthu akada nkhawa, thupi limatulutsa timadzi tina m'magazi, tochedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, mitsempha ya magazi imafinyika, minofu ya pakhosi ndi pamapewa imalimba. Zimenezi n'zothandiza kwa munthu amene akuthawa galu wolusa, cifukwa ngozi ikapita thupi limabwerera m'malo. Bvuto ndi lakuti nkhongole siipita monga galu. Thupi likakhala ciimire cotere tsiku ndi tsiku, tulo timasowa, mutu umawawa, ndipo ena amayamba kumwa mowa kwambiri kapena kusuta fodya, zimene zimaonjezera matenda a BP. Kufufuza kumene unduna wa za umoyo unacita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2017 kunapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse mu Zambia anali ndi BP yokwera.

Cimodzi mwa zinthu zimene zimathandiza thupi kubwerera m'malo n'copepuka kotero kuti ena amaseka akacimva: kuima pang'ono ndi kupenyetsetsa cinthu cokongola.

Nkhani imeneyi inamveka kwambiri mu 1984, pamene Roger Ulrich anafalitsa zimene anapeza m'mabuku a odwala a cipatala cina ca ku Pennsylvania, m'dziko la America. Iye anasankha odwala 46 amene anacitidwa opareshoni imodzimodzi, yocotsa kathumba ka ndulu. Zipinda zao zinali zofanana, kusiyana kunali pa windo cabe. Theka la iwo linali kuona mitengo ya masamba, enawo anali kuona cipupa ca njerwa. Aja oona mitengo anatuluka m'cipatala patapita masiku pafupifupi 8, pamene anzao anakhala pafupifupi masiku 9. Anamwanso mankhwala amphamvu oletsa kuwawa ocepa, ndipo m'zolemba za anamwino munali madandaulo ocepa onena za iwo. Odwala 46 si ambiri, ndipo palibe dotolo amene angacize bala ndi mtengo. Komabe ofufuza ena pambuyo pake anapitiriza kupeza zofanana: munthu wopanikizika akaona mitengo, madzi kapena maluwa, thupi lake limakhazikika msanga.

Rachel ndi Stephen Kaplan a pa yunivesite ya Michigan analongosola cifukwa cake motere. Kuwerengera cenji, kulonda mbala pamsika ndi kuzemba magalimoto pamseu kumafuna kuti munthu aumirize maganizo ake pa cinthu cimodzi, ndipo mphamvu imeneyo imatha monga momwe mkono umalemera. Ikatha, munthu amaiwalaiwala ndiponso amakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Koma mtambo umene ukusintha maonekedwe, kapena masamba amene akugwedezeka ndi mphepo, amakoka maso okha popanda kuumiriza, ndipo m'kanthawi kameneko maganizo amapuma. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Exeter anapenda mayankho a anthu pafupifupi 20,000 a ku England. Amene anali kukhala maola awiri kapena kuposa pa sabata m'malo a mitengo, udzu kapena madzi ndi amene ambiri ananena kuti umoyo wao uli bwino, kaya maolawo anawathera pamodzi kapena pang'onopang'ono. Maola awiri pa sabata ndi mamineti 17 cabe pa tsiku.

Wina anganene kuti zimenezo n'za anthu a kumayadi, pakuti m'komboni muli fumbi, zinyalala ndi ngalande zonunkha. N'zoona, ndipo kupenya maluwa sikucotsa udindo wa khonsolo. Koma caka cili ndi zoonetsa zace zimene sizilipiritsa. M'miyezi yozizira mitengo ya mango imadzala ndi maluwa, ndipo fungo lake limamveka bwino madzulo. Mu Ogasiti ndi Sepitembala, mvula isanagwe n'komwe, mitengo ya mombo m'mapiri monga aja ozungulira Chipata imaphuka masamba ofiira amene pambuyo pake amabiriwira. Kenaka jakaranda, mtengo umene unacokera ku South America, umayala maluwa ake pansi m'misewu ya m'tauni. Ca m'ma Okutobala ndi Novembala anamzeze amayamba kundanda pa nthambo za malaiti. Ena mwa iwo amakhala atauluka kucokera ku Europe, ndipo amabwerera ca m'ma Epulo. Ngakhale kuzima kwa malaiti kwa mu 2024, kumene kunadza cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba ndipo kunasautsa anthu kwambiri, kunaonetsa ana ena a m'tauni nyenyezi zimene anali asanazionepo bwino.

Zokongola zina n'za manja a anthu. Milu ya matimati yosanjidwa bwino pa thebulo, mizere imene tsache limasiya pabwalo losesedwa m'mawa, khonde lopakidwa polishi yofiira, zitenje zoyanikidwa pacingwe, kwaya imene ikuphunzira nyimbo m'chalichi madzulo a Cisanu. Munthu amazidutsa tsiku lililonse. Cofunika n'cakuti aimirire theka la mineti, apenye cinthu cimodzi mpaka aone mtundu wake ndi kapangidwe kake, uku akutulutsa mpweya pang'onopang'ono, pakuti kutulutsa mpweya mosafulumira kumacepetsa kugunda kwa mtima. Nthawi yake iliko kale: podikira cigubu kudzala, pamzere wa ku cigayo, podikira madzi a nsima kutentha. Masiku ano nthawi imeneyi imadyedwa ndi foni.

Maso nawonso amapindula. Kuona cinthu ca pafupi kumalimbitsa kamnofu kena ka m'diso, ndipo kamamasuka munthu akapenya patali. Matelala, oluka tsitsi, okonza mafoni ndi ana a sukulu owerengera mayeso amadziwa kuwawa kwa maso ndi kwa mutu kumene kumadza madzulo. Madotolo a maso amalangiza kuti pakapita mamineti 20 alionse, munthu apenye cinthu cimene cili pa mtunda wa mamita 6 kapena kuposa kwa masekondi 20. Mtengo wa kwa anansi kapena phiri n'zokwanira. Dzuwa lokha ndilo losayenera kulipenyetsetsa, cifukwa limaononga diso.

Mabanja ofuna kubzala maluwa m'zitini pakhomo acita bwino, malinga aziboole pansi kuti madzi asaime ndi kuswetsa udzudzu.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa cipatala. BP yokwera kawirikawiri siionetsa cizindikiro, cotero munthu wamkulu aliyense ayenera kupimitsa ku kiliniki, ndipo amene anapatsidwa mapilisi asaleke kumwa cifukwa cakuti akumva bwino. Pali cinanso cimene a m'banja ayenera kuyang'anira. Ngati munthu waleka kukondwera ndi zinthu zimene kale zinali kumkondweretsa, ana, nyimbo, cakudya, ndipo wakhala wacisoni, wosagona bwino kapena wolema nthawi zonse kwa masabata awiri kapena kuposa, angakhale akudwala matenda a kupsinjika maganizo. Wotere si waulesi ndipo sanalodzedwe. Matendawa amacizika, ndipo abale amperekeze ku kiliniki. Ngati wayamba kulankhula zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye tsiku lomwelo.