Kulumikiza Disiki Yatsopano: Yambani Mwadziwa Dzina Lake

Mu ofesi iri yonse yosunga kaundula, makalata ndi zithunzi m'kompyuta, limafika tsiku limene malo amatha. Agula disiki yatsopano, aiika m'makina, ayatsa, koma palibe cioneka. Pa makina oyendera Linux, makamaka maseva amene munthu alankhula nawo mwa kutaipa malamulo okha, disiki imadikira mwini wake kuti aiuze pokhala.

Awerengi ozolowera Windows adziwa kuti kumeneko disiki iri yonse ipatsidwa cilembo cake, monga C kapena D. Linux anatengera mwambo wina, wa Unix, amene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969. M'mwambo umenewu mafoda onse ali ngati nthambi za mtengo umodzi, ndipo disiki yatsopano imangiriridwa pa nthambi imene mwaisankhira. Lamulo lake ndi mount, limene linalipo kale mu Unix wa 1971. Liuli linacokera m'masiku amene anchito anali kunyamula matepi ndi madisiki olemera ndi manja awo, kuwakweza pa makina.

Nchito iyamba ndi lamulo la lsblk, limene lionetsa madisiki onse, maina awo, kukula kwawo ndi pamene alumikizidwa. Kawiri-kawiri disiki yakale ichedwa sda, ndipo yatsopano sdb. Pano mpofunika kufatsa, pakuti mau akuti "kawiri-kawiri" apweteketsa ambiri. Makina apatsa maina malinga ndi disiki imene ayamba kuipeza, osati malinga ndi imene inagulidwa coyamba. Motero yang'anani kukula kwake, ndipo onani ngati mzere wake ulibe foda yolumikizidwako. Disiki yolembedwa 1 TB pa bokosi idzaoneka ngati 931G. Musabwerere ku sitolo kukakangana: opanga awerenga m'magulu a 1,000 pamene lsblk awerenga m'magulu a 1,024.

Mukatsimikiza dzinalo, taipani sudo fdisk /dev/sdb. Cilembo g cikhazikitsa dongosolo la GPT, limene lifunika pa disiki yoposa 2 TB. N apanga cigawo. W alemba zimene mwasankha. Musanataipe w, palibe cimene casintha, ndipo q akuturutsani bwino-bwino.

Cotsatira ndi sudo mkfs.ext4 /dev/sdb1, lamulo lokonza cigawoco kuti cilandire mafaelo. Limeneli ndilo loopsa. Pakati pa sdb1 ndi sdc1 pali kusiyana kwa cilembo cimodzi cabe, koma mwina sdc1 ndiye asunga malipiro a anchito a zaka khumi. Nzoona kuti lamuloli likana kugwira cigawo columikizidwa kale, ndiponso limafunsa likapeza dongosolo lina pomwepo. Koma munthu wofulumira ayankha y asanawerenge funso. Ngati disiki yanu yabwera ndi mafaelo amene muwafuna, musagwiritse nchito fdisk kapena mkfs mpang'ono pomwe.

Kulumikiza kwenikweni nkwapafupi. Pangani foda ndi sudo mkdir /mnt/nkhokwe, kenaka taipani sudo mount /dev/sdb1 /mnt/nkhokwe. Makina akakhala cete, ndiye kuti zatheka, ndipo df -h acitira umboni. Foda ikhale yopanda kanthu, cifukwa zimene zinalimo zibisika kufikira disiki itacotsedwa. Poyamba wolembamo ndi root yekha. Lamulo la chown ndilo lipereka fodayo kwa mwini wake.

Tsono makina akazimitsidwa aiwala zonsezi, pokha-pokha mutalemba mzere mu faelo ya /etc/fstab. Ine ndiona kuti kulemba /dev/sdb1 m'menemo nkuitana tsoka, pakuti mawa wina akalowetsa fulashi makina asanayake, mainawo angasinthane. Lamulo la sudo blkid lionetsa nambala yaitali yochedwa UUID, imene iyenda ndi cigawoco kuli konse ndipo sisintha kufikira mutacikonzanso ndi mkfs. Mzerewo uyambe ndi UUID= ndi nambalayo, kenaka /mnt/nkhokwe, ext4, defaults,nofail, 0 ndi 2. Musazimitse makina musanauyese: masulani disiki ndi sudo umount /mnt/nkhokwe, ndipo taipani sudo mount -a. Mzere wolakwika ungaimitse seva pakati pa kuyaka, ndipo ngati seva iri kutali, wina ayenera kukwera basi kukaikonza.

Liu lija nofail liuza makina kuti ayake ngakhale disiki palibe. Lithandiza, komabe liri ndi msampha wake. Disiki ikalephera kulumikizika, foda ya nkhokwe ikhalabe pomwepo yopanda kanthu, ndipo pulogalamu yokopera mafaelo usiku idzapitiriza kuthiramo, kudzaza disiki yakale ija imene munafuna kuipeputsa. Lamulo la mountpoint /mnt/nkhokwe linena ngati disiki iripodi, ndipo nkwanzeru kuti pulogalamuyo iziyamba yafunsa cimeneci.

Pocotsa disiki, yambani ndi umount. Linux asunga zina zimene mwalemba m'cikumbukiro ca makina kwa kanthawi asanazitsitsire pa disiki, ndipo kuzula cingwe msanga kungazitaye. Akakuyankhani kuti disiki iri pa nchito, turukani m'fodamo, tsekani mafaelo otsegula, ndipo yesaninso.