Kinnah Phiri, Mohamed Salah ndi Ana Athu

Loŵeruka pa 14 Juni 2008, timu ya dziko la Egypt idaloŵa m'bwalo la Kamuzu ku Chichiri itanyamula ulemu wonse wa mpira wa mu Africa. Miyezi inayi m'mbuyomo idali itatenga chikho cha Africa ku Ghana, pamene Mohamed Aboutrika adagoletsa chigoli chimene chidagwetsa Cameroon. Koma tsiku limenelo, nthaŵi itatha kale, oimbira mpira ali pafupi kuliza wezulo, Chiukepo Msowoya adaponyera mpira mu ukonde, ndipo Malaŵi adapambana 1–0.

Pa mabenchi aŵiri aja padakhala aphunzitsi amene onse adatchuka poyamba ngati oseŵera: Hassan Shehata, katswiri wakale wa timu ya Zamalek, ndi Kinnah Phiri, katswiri wakale wa Bata Bullets. Moyo wa anthu otere ndiwo tikufuna tiuyang'ane, pakuti m'nyumba zambiri muno mu Namiwawa, ku Ndirande kapena ku Bangwe muli mnyamata kapena mtsikana amene mtima wake wonse uli pa mpira, ndipo makolo sadziŵa kuti amuletse kapena amuleke.

Kinnah Phiri adabadwa mu 1954. M'zaka za m'ma 1970 dzina lake lidali pakamwa pa aliyense womvera wailesi, ndipo adagoletsera dziko lino zigoli 71. Mu 1978 iye ndi anzake, motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell, adatenga chikho cha maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Africa pogonjetsa Zambia kuno kwathu, nachitetezanso ku Kenya mu 1979. Pambuyo pake adakaseŵera ku Manzini Wanderers ku Swaziland. Miyendo itatopa sadakhale chete: adaphunzira uphunzitsi wa mpira, naphunzitsa matimu kunja ndi kuno. Iye ndiye adatengera Flames ku mpikisano wa Africa ku Angola mu 2010, kwa nthaŵi yoyamba kuchokera mu 1984, ndipo kumeneko tidagonjetsa Algeria 3–0.

Anzake nawonso adatsata njira yomweyo. Jack Chamangwana wa Wanderers, amene adatisiya mu 2018, adakaseŵera ku Kaizer Chiefs ku South Africa, kenaka nakhala mphunzitsi. Ernest Mtawali adadutsa ku Bloemfontein Celtic ndi Mamelodi Sundowns mpaka kukafika ku Toulouse ku France, ndipo mu 2015 adapatsidwa udindo wophunzitsa Flames. Young Chimodzi wa Silver Strikers adavala malaya a dziko lino nthaŵi zoposa zana limodzi, iyenso nadzakhala mphunzitsi wa timuyo. Mbadwo umenewu ndiwo udatibweretsera mendulo ya malo achitatu pa maseŵera a All-Africa Games ku Nairobi mu 1987, pamene mendulo ya golide idapita ku Egypt.

Egypt yatenga chikho cha Africa kasanu ndi kaŵiri, kuyambira mu 1957 kufikira mu 2010, ndipo mbiri ya akatswiri ake ili ndi phunziro lofanana. Mahmoud El Khatib, amene adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse mu Africa mu 1983, adasankhidwanso mu 2017 kukhala mtsogoleri wa kalabu yake ya Al Ahly. Aboutrika uja, pamene anali kuseŵera mpira, adaŵerenganso mabuku kufikira adatsiriza maphunziro a filosofi pa yunivesite ya Cairo. Goloboyi wawo Essam El Hadary adadzisamala thupi kotero kuti mu 2018 adaseŵera mu mpikisano wa dziko lonse ali ndi zaka 45.

Koma dzina limene ana athu amalemba kumsana kwa malaya ndi la Mohamed Salah. Iwo amaona zigoli ndi zikho zimene adatenga ndi Liverpool: cha Champions League mu 2019, ndi cha ligi ya ku England mu 2020 ndi mu 2025. Chimene saona ndi mwana wa zaka 14 wa m'mudzi wa Nagrig, amene ankakwera mabasi osinthasintha kwa maola oposa anayi kupita ku Cairo kukachita zokonzekera ku timu ya Arab Contractors, n'kubwereranso kwawo usiku, masiku asanu pa mlungu. Ku sukulu ankangopitako maola oŵerengeka m'maŵa. Adapita ku Basel mu 2012. Ku Chelsea, kumene adafika mu 2014, adakhala pa benchi nthaŵi yaitali, ndipo adayamba wadzera ku Fiorentina ndi ku Roma asadafike ku Liverpool mu 2017.

Apa ndi pamene tiyenera kuganiza mofatsa. Salah adataya maphunziro ambiri ndipo zidamuyendera bwino. Koma ife sitimva za anyamata ena amene adataya maphunziro chimodzimodzi, bondo n'kuŵathyokera, kapena osasankhidwa konse. Ameneŵa nyuzipepala siziŵalemba. Ngakhale kwa amene wapambana, mpira ndi ntchito ya zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Wotsika m'bwalo ali ndi zaka 35 amakhala akadali ndi ana oti aŵalipirire sukulu ndi nyumba yoti ailipire mwezi ndi mwezi. Akatswiri amene tatchula aja adakhalabe othandiza chifukwa adatha kuphunzira chinthu chatsopano: kuŵerenga mgwirizano asadasaine, kukhoza mayeso a uphunzitsi, kuyendetsa kalabu. Zonsezi maziko ake ali m'kalasi.

Choncho, makolo anzathu, tisaphwanye mpira wachikulunga wa mwana, pakuti luso ndi mphatso. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Adakaletsedwa kotheratu sitikadamudziŵa. Koma tisamuleke mwana yekha. Tipite tikamuonere pamene timu ya sukulu ikuseŵera. Timudziŵe mphunzitsi wake wa mpira maso ndi maso. Tigwirizane naye mwanayo kuti lipoti la mayeso likatsika, nsapato za mpira ziyambe zapuma. Ndipo munthu akabwera ndi lonjezo lotengera mwana kunja, nafuna ndalama poyamba, tikafunse kaye ku bungwe la FAM tisadatulutse khobidi kapena chiphaso choyendera.

Inu achinyamata, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Pitani ku zokonzekera mokhulupirika monga adachitira Salah, koma madzulo mutsegulenso buku monga adachitira Aboutrika. Tsiku limene mudzavule malaya a timu komaliza lidzafika ndithu, ndipo ntchito imene mudzagwire m'maŵa wake mukuikonza lero pa desiki la sukulu.