Tsiku la Othawa Kwao Silinadze Lokha

Pa 20 June caka ndi caka maiko amakumbukira anthu othawa kwao cifukwa ca nkhondo ndi mazunzo. Kodi tsikuli linayamba bwanji, pakuti anthu akhala akuthawa kuyambira kale popanda wowakumbukira?

Akatswiri ofufuza za magulu omenyera ufulu amati kulira kokha sikusintha zinthu. M'caka ca 1977 John McCarthy ndi Mayer Zald a ku America anaphunzitsa kuti odandaula amamveka akakhala ndi bungwe, atsogoleri ndi cuma. Anzao anaonjezapo zina ziwiri: vuto lipatsidwe dzina loyenera, ndiponso papezeke mpata m'ndale za dziko.

Mpata unapezeka pamene maiko a mu Africa analandira ufulu nakhazikitsa bungwe la OAU mu 1963. Dzina linatsatira. Pangano la United Nations la 1951 linkaona makamaka munthu amene akusakidwa cifukwa ca mtundu, cipembedzo kapena maganizo ake. Mai wothawa mfuti ndi mwana kumbuyo, amene palibe akumsaka ndi dzina, analibe malo oonekera bwino m'lamulolo. Mu 1969 ku Addis Ababa atsogoleri a OAU anagwirizana kuti wothawa nkhondo ndi cipwirikiti nayenso ayenera kutetezedwa. Panganoli linayamba kugwira nchito pa 20 June 1974, ndipo tsikulo linasanduka la othawa kwao mu Africa. Dziko lonse linayamba kulisunga mu 2001.

Anthu a cigawo ca Kum'mawa anaona ndi maso phindu la mau amenewa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, mabanja anaoloka malire kulowa m'madera a Cadiza, Katete ndi Petauke. Oyamba kuwalandira anali mafumu ndi eni midzi, pakuti ambiri anali a cinenero cimodzi, ena acibale ndithu. Koma nkhokwe ya m'mudzi siingadyetse khamu mpaka kale. Mu 1987 boma linatsegula malo a Ukwimi m'dera la Petauke, ndipo mabungwe a UNHCR ndi Lutheran World Federation anathandiza ndi mbeu, zitsime ndi masukulu. Alendowo analima nadzidyetsa okha. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwao mu 1994.

Nkhaniyi siinathe. Ku Meheba, ku Mayukwayukwa ndi ku Mantapala, kumene kunatsegulidwa mu 2018 kaamba ka othawa ku Congo, kukali anthu ofuna munda, sukulu ndi cipatala. Tsiku lacikumbutso likangothera m'magule ndi malankhulidwe a akuluakulu, iwo sapindulapo kanthu. Liri ndi mphamvu pamene mipingo, mafumu ndi othawawo eni ake aligwiritsa nchito kufunsa maboma ngati akusunga zimene analonjeza. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.