WOSEWERA AKAGWADA PA NYIMBO YA FUKO, WALAKWIRA YANI?

Pa malire a Mwanza palibe nkhani yomwe imasonkhanitsa anthu msanga ngati ya mpira. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala, anyamata osintha ndalama, ngakhale ogulitsa manachesi, amayamba aiwala za geni vidiyo sho ikangoyamba kuonetsa masewero. Wa Bullets ndi wa Wanderers akhoza kutsutsana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma pali mfundo imodzi yomwe ambiri amaombera limodzi m'manja: wosewera akavala yunifomu ya dziko, nyimbo ya fuko ikamaimbidwa aime chilili. Madandaulo ake awasiye pa geti.

Kodi mkwiyo umenewu umachokera kuti? Nanga Mmalawi, yemwe anakhala zaka 30 akuimirira mokakamizidwa, nkhaniyi aziiona bwanji?

MSEU WA KU HARARE

Tiyambire kwa anansi. Mseu womwe umatuluka pa Mwanza kulowa pa Zobue umadutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kukalowa pa Nyamapanda mpaka ku Harare. Kumeneko, pa 10 February 2003, anyamata awiri a timu ya kiriketi ya Zimbabwe, Andy Flower ndi Henry Olonga, analowa m'bwalo la Harare Sports Club atamanga kansalu kakuda pamkono. Anali masewero a chikho cha dziko lonse, ndipo ankakumana ndi Namibia. Awiriwa anatulutsa chikalata chonena kuti akulira maliro a demokalase m'dziko lawo, pomwe anthu ankagona ndi njala, kumenyedwa ndi kutsekeredwa pansi pa ulamuliro wa Robert Mugabe.

Nkhani yomwe ankalirayo inali yathunso. Mwa anthu omwe anasowa pokhala mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ena anali ana ndi zidzukulu za Amalawi omwe anapita ku Rhodesia kukafuna ntchito.

Awiriwa sanasokoneze nyimbo ya fuko, koma mlandu womwe anawapatsa ndi womwewo: mwanyoza dziko mutavala malaya a dziko. Olonga, yemwe anabadwira ku Lusaka ndipo mu 1995 anakhala wakuda woyamba kusewera kiriketi ya Test m'timu ya Zimbabwe, ndiye anaona zakuda. Kalabu yake ya Takashinga inamuchotsa, anayamba kuopsezedwa kuti aphedwa, ndipo chikho chitangotha anathawira ku England. Flower nayenso anasamukira komweko.

ZIFUKWA ZA OCHEMERERA

Tisawanamizire ochemerera kuti ndi anthu osaganiza. Zifukwa zawo zilipo, ndipo zina ndi zomveka.

Choyamba, kwa anthu ambiri nyimbo ya fuko si nyimbo wamba ayi. Yathu ino, yomwe anapeka Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, ndi pemphero kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tonse tinaiphunzira pa asembule, manja ali m'mbali, aphunzitsi ali ndi kamtengo kumbuyo. Ndiye munthu akaona wosewera wakhala pansi nyimboyo ikuimbidwa, amamva ngati wina walankhula mokweza abusa ali pakati pa pemphero. Mtima umayamba kupsa asanafunse n'komwe kuti vuto ndi chiyani.

Chachiwiri, bwalo la mpira ndi kopumira. Mudzamva munthu akuti: "Ine sabata yonse ndamva za feteleza, za mafuta, za kugwa kwa Kwacha. Ndalipira pa geti kuti ndiiwale, ndiye iwe ukundikumbutsanso?" Mu January 2022, pomwe Gabadinho Mhango anaponya mpira wakutali uja m'golo la Morocco ku Cameroon, palibe anafunsa mnzake kuti ndi wa chipani chanji kapena wa chigawo chiti. Ochemerera amaopa kuti ndale zikalowa m'bwalo, ngakhale kamphindi kameneka kadzatithawa.

Chachitatu, yunifomu ndi yobwereka. Wosewera akaima pamzere amaimira aliyense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, wa boma ndi wotsutsa yemwe. "Wamutuma ndani kuti atilankhulire?" Funso limeneli ndi lomwenso akuluakulu a masewero amaimapo. Malamulo a mpira salola mawu a ndale pa zovala za osewera, ndipo a Olympics ali ndi lamulo lawo la nambala 50 loletsa zionetsero pa nthawi yolandira mamendulo.

Chachinayi ndi kansanje, tisabisane. Munthu wosauka akaona mnyamata wolandira ndalama zankhaninkhani akudandaula, amati wakhuta ameneyu.

KUGWADA KUNAKHALA MWANO

Ku America ndi komwe nkhaniyi inafika povuta. Pa 16 October 1968, pa masewero a Olympics ku Mexico City, Tommie Smith ndi John Carlos, omwe anapata mendulo ya golide ndi ya buronzi pa mpikisano wa mamita 200, anaweramitsa mitu ndi kukweza zibakera zovala magolovesi akuda nyimbo ya dziko lawo ikuimbidwa. Ankadandaula za tsankho lomwe akuda ankakumana nalo. Anthu anawakuwiza, ndipo anawathamangitsa kumasewerowo.

Mu 1996 Mahmoud Abdul-Rauf wa timu ya basiketibolo ya Denver Nuggets anaimitsidwa masewero amodzi chifukwa chokana kuimirira. Kenaka mu August 2016 kunabwera Colin Kaepernick wa San Francisco 49ers, pa mpira wawo uja wothamanga nawo m'manja. Iye anayamba ndi kukhala pansi podandaula kuti apolisi akupha anthu akuda popanda chilango. Msilikali wina wopuma, Nate Boyer, anamulangiza kuti kukhala pansi kukupweteka asilikali, bola azigwada, monga momwe iwo amachitira pa manda a mnzawo. Kaepernick anamvera.

Apa Mmalawi angadabwe. Kwathu kuno kugwada ndi ulemu womaliza. Timagwadira mfumu, apongozi ndi Mulungu. Koma ochemerera ambiri ku America anati kugwadako n'kunyoza mbendera ndi asilikali omwe anafera dziko. Ena anaotcha majezi ake. Mu September 2017 Pulezidenti Donald Trump anauza eni matimu kuti osewera otere aziwachotsa ntchito. Kuchokera chaka chimenecho palibe timu yomwe inamulembanso Kaepernick.

Ndiye taganizani. Anakhala pansi, anati mwano. Anagwada, anatinso mwano. Kodi vuto linali bondo, kapena nkhani yomwe bondolo linkakumbutsa?

Yankho linaoneka ku Qatar pa 21 November 2022. Osewera a Iran anangoti duu, osaimba nyimbo ya fuko lawo asanakumane ndi England, pomwe kwawo anthu ankaphedwa pa zionetsero zodandaula imfa ya mtsikana Mahsa Amini m'manja mwa apolisi. Ochemerera ambiri a dziko lomwelo anaikuwiza okha nyimboyo, ndipo maiko a azungu anawatama anyamatawo kuti ndi olimba mtima.  Zikuonetsa kuti nthawi zambiri wochemerera sadana ndi chionetsero. Amadana ndi chionetsero chomwe chikuloza iyeyo, kapena mtsogoleri wake.

IFE TINAIMIRIRA MOKWANIRA

Amalawi anzanga, ife nkhani ya ulemu wokakamiza sitichita kumva kwa anthu. Mu nthawi ya chipani chimodzi, Kamuzu Stadium inkadzaza pa 6 July, amayi a mbumba akuvina, aliyense ataima chilili, achiswe ndi apayoniya akuyang'ana yemwe wachita mphwayi. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act, loika chilango kwa wonyoza mbendera kapena Pulezidenti. Chaka chomwecho a Mboni za Yehova analetsedwa, mlandu wawo waukulu kukana kugula khadi la chipani cha Kongeresi. Mu 1972 anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kuphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, enanso ku Mozambique. Chiletsocho chinadzachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu.

Kodi pa nthawiyo m'bwalo munalibe ndale? Zinalimo zodzaza, kungoti zinali za mbali imodzi. Matipate atabweranso sizinachoke. Ochemerera akukumbukira kuti timu ya Bullets inasanduka Bakili Bullets, kutenga dzina la Pulezidenti Bakili Muluzi yemwe ankaithandiza ndi ndalama, mpaka mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Andale akhala akukhazikitsa zikho za mpira m'madera mwawo chisankho chikamayandikira, ndipo tonse timapita kukaonera, osadandaula. Mbendera yeniyeniyo Bingu wa Mutharika anaisintha mu 2010, aphungu n'kudzaibwezeretsa mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma. Eti wandale akalowa m'bwalo ndi envulopu timati chitukuko, koma wosewera akalowa ndi dandaulo timati wasokoneza masewero.

Anthu a ku Mwanza akudziwa mtengo wa kukhala chete kuposa wina aliyense. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa pa mseu wa ku Thambani m'boma lomwe lino. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 anthu ankangonong'onezana, uku akuimirira ndi kuimba nyimbo ya fuko mwaulemu wonse. Zinatengera kusintha kwa boma mu 1994 kuti komiti yofufuza ya Justice Michael Mtegha inene poyera kuti anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Kamuzu Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu December 1995.

Tiyerekeze kuti mu 1983 wosewera mmodzi wa timu ya dziko akanamanga kansalu kakuda pamkono n'kuweramitsa mutu pa Kamuzu Stadium. Bwalo lonse likanamukuwiza, ena chifukwa cha mantha, ena ndi mtima wonse. Akanakagona ku Mikuyu kapena ku Dzeleka. Koma lero tikanamutcha ndani, wamwano kapena ngwazi? Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Smith ndi Carlos aja, omwe anathamangitsidwa ngati mbava mu 1968, sukulu yawo ya San Jose State University inawaimikira chipilala mu 2005.

Sitikunena kuti wosewera aliyense wokhala ndi dandaulo ndiye kuti akunena zoona. Ena amangofuna kutchuka, ndipo wochemerera ali ndi ufulu wonse womukuwiza, pakuti gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino, lokamba za ufulu wolankhula, limateteza onse awiri. Koma kukuwiza ndi kwina, kumulanda ntchito kapena kumuthamangitsa m'dziko ndi kwinanso. Tsiku lomwe mnyamata wa Flames kapena mtsikana wa Queens adzagwade nyimbo ili mkati, tisanatole miyala tidzayambe tamufunsa kuti: "Mwana iwe, waona chiyani?" Wakutsina khutu ndi mnansi.