Dengue: udzudzu wake umaluma masana ndipo umaswana pakhomo panu

Ngati mumagona m'neti usiku uliwonse popewa malungo, musasiye. Koma dziwani kuti pali udzudzu wina wotchedwa Aedes, wakuda wokhala ndi mizere yoyera, womwe umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Udzudzu umenewu ndi umene umafalitsa matenda a dengue.

Matendawa sali kutali. Anabuka ku Pemba m'dziko la Mozambique mu 2014, komanso mu 2019 ku Dar es Salaam, komwe Amalawi ambiri amakapikula katundu.

Umaswana pati?

Udzudzuwu umakonda m'tawuni chifukwa umaikira mazira m'madzi okhazikika m'ziwiya: madiramu ndi zidebe zomwe mumasungiramo madzi mipopi ikauma, matayala akutha, zitini ndi mabotolo otayidwa. Mazirawo amamatirira m'mbali mwa chiwiya, ndipo amatha miyezi ingapo osafa ngakhale chiwiyacho chiume. Madzi akangowakhudza amaswa, ndipo pamasiku 7 mpaka 10 amakhala atasanduka udzudzu.

Choncho kungokhuthula madzi sikokwanira. Kamodzi pasabata, kwechani m'kati mwa diramu kapena chidebe, thiranimo madzi ena n'kuvindikira bwino. Vundikirani ziwiya zomwe simukugwiritsa ntchito, ndipo matayala akutha musawasiye pamvula. Mwana akamagona masana, m'gonekeni m'neti.

Udzudzuwu suuluka mtunda wautali, motero umene wakulumani nthawi zambiri umakhala woswedwa pakhomo panu kapena kwa aneba. Gwirizanani ndi aneba anu kuti muzisamala pamalo tsiku limodzi.

Zizindikiro zake

Pakatha masiku 4 mpaka 10 chilumidwireni, thupi limatentha kwambiri, mutu ndi kuseri kwa maso kumawawa, m'mfundo mumaphwanya, ndipo ena amatuluka totupa pakhungu. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, choncho kayezetseni msanga, ndipo auzeni achipatala ngati munapita kunja posachedwapa. Mankhwala a malungo sachiza dengue.

Mankhwala opha kachilombo ka dengue palibe. Pumulani, imwani madzi ambiri, ndipo pochepetsa ululu imwani Panado. Pewani aspirin ndi Brufen, chifukwa angachititse kuti mutaye magazi.

Ngozi yaikulu imabwera thupi likayamba kuzizira. Mukamva kupweteka kwambiri m'mimba, mukamasanza mosalekeza, kapena magazi akamatuluka m'mphuno ndi m'nkhama, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.