MADZI OFIIRA NGATI TIYI: KUCHOKERA KU MISUKU MPAKA KU MATHIRIRO A SONGWE

Msilamu amene ali pa ulendo wapansi m'mapiri a ku Misuku, m'boma la Chitipa, nthawi ya Swala ikamupeza kutali ndi mzikiti amatsikira kukamtsinje kuti akatawaze. Mvula yoyamba ikangogwa, nthawi zina amapeza madzi a m'dambo kapena a m'nkhalango ali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chonsecho mulibe matope. Mtima umakayika: kodi awa n'kutawazira? Masheikh a madhihabu a Shafi'i amaphunzitsa kuti madzi amene asintha mtundu chifukwa cha masamba ogweramo okha, kapena ndere zomera momwemo, akadali oyera ndi oyeretsa, malinga ngati simunagwere najisi. Tsono kumbali ya wudhu palibe vuto. Koma mtundu umenewu uli ndi ulendo wake wautali, umene umakathera kunyanja m'boma la Karonga.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza. Itanani ana, mutenge matambula awiri a madzi. M'tambula imodzi muvunduliremo dothi, m'inayo muthiremo tiyi wosefa bwino. Kukacha mudzapeza kuti dothi lija lakhazikika pansi ndipo madzi ayera, koma tiyi uja ali chimodzimodzi, ndipo ngakhale mutamusefa pa nsalu mtundu wake suchoka. Ndi mmenenso zimakhalira kuthengo. Masamba a m'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, ngakhalenso udzu wa m'madambo a ku Nyika, zikamaola zimatulutsa madzi ake amene amasungunuka ndithu, monga amachitira shuga. Mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi North Rukuru imanyamula zonse ziwirizi, matope ndi tiyi wa masambayu, mpaka kukathira m'Nyanja ya Malawi.

Pa mathiriro a mtsinje, pamene madzi ndi osaya, mpamene nkhani ya kuwala imakulira. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma mkati mwake muli mitundu yonse ija timaiona pa utawaleza. Madzi oyera amalola kuwala kobiriwira ngati kumwamba kulowa pansi kwambiri, nchifukwa chake pakati pa nyanja pamaoneka motero. Tiyi wa masamba amachita zosiyana: amameza msanga kuwala komweko, pamodzi ndi cheza china cha dzuwa chimene maso athu sachiona, nasiya kachikasu ndi kofiirira. Tsoka lake nlakuti kuwala komezedwako ndi kwina mwa kumene zomera zimapangira chakudya. Ndere zoyandama pamwamba zimapirira, koma udzu womera pansi pa madzi umafuna kuwala kochuluka. Akatswiri anapeza kuti udzu wa m'nyanja zamchere umafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala kofika pamwamba pa madzi. Kukachepa, udzuwo umafota, ndipo tiana ta nsomba timasowa pobisala.

Kuyeza zimenezi sikufuna makina odula. M'chaka cha 1865 katswiri wa ku Italy, Angelo Secchi, anamangirira mbale yoyera ku chingwe naitsitsa m'nyanja ya Mediterranean kufikira itaziririka, kenaka anayeza chingwecho. Njira yake ikugwirabe ntchito mpaka lero. Pakati pa Nyanja ya Malawi mbale yotere imatha kuoneka pa mamita oposa 15, pamene pa mathiriro a mtsinje wodzaza imatha kubisika dzanja lisanamire mpaka m'chigongono.

Kumene mtsinje umakumana ndi madzi amchere, monga ku Chinde m'dziko la Mozambique kumene Zambezi amathira m'nyanja ya Indian, mchere umagwirizanitsa tinthu ta matope kuti tikhale timibulu, ndipo timamira msanga. Koma mtundu wosungunuka uja, umene mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja imaonjezeranso, wambiri umapitirira. Umangosukuluka pang'onopang'ono posakanikirana ndi madzi ena, ndiponso dzuwa limaufwifwitsa monga limachitira ndi chitenje choiwalika pa chingwe. Kwathu kuno kulibe mchere wothandiza kumiza matope.

Kunena zoona, pa mitsinje yathu yakumpotoyi tiyi wa masamba sitingamuimbe mlandu waukulu. Iye ndi wakalekale, ndipo amadyetsa tizilombo ting'onoting'ono timene pamapeto pake timakhala chakudya cha nsomba. Chodetsa nkhawa ndi matope ochokera m'minda ya m'matsitso ndi m'malo amene mitengo yadulidwa ndi kutenthedwa pofuna kufesa mawere. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira amafa.

Kwa amayi otunga madzi, pali ichi choti mudziwe: madzi ololedwa kutawazira sindiye kuti ndi abwino kumwa. Ena amaika madzi m'botolo loonekera mkati nalisiya padzuwa kuti tizilombo tife, koma m'madzi ofiirirawa cheza chopha tizilombocho chimamezedwa chisanalowe patali. Mankhwala a klorini nawonso amathera msanga mphamvu pa zoolazo. Madzi otere awiritseni.