Kompyuta imodzi, anthu miyandamiyanda: nzeru ya 1961

Tsiku la msika pa Ntaja kapena pa Ulongwe, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba sapuma. Uyu akutapa ndalama ya feteleza, uyo akutumiza ya fizi, ndipo nthawi yomweyo ena ku Liwonde ndi m'tauni ya Balaka akudina *211# kapena *444#. Aliyense amaona ngati makina akumvera iye yekha, chonsecho makompyuta a kampani amatumikira onsewa mosinthanasinthana, mwaliwiro loti munthu sangazindikire. Nzeruyi inayambira kutali, ku sukulu ya ukachenjede ya MIT m'dziko la America.

M'zaka za m'ma 1950 kompyuta inkadzaza chipinda chonse, koma inkagwira ntchito imodzi basi mpaka ithe. Munthu ankaboola malangizo ake pa timakadi n'kukatisiya kwa oyendetsa makina, monga timasiyira thumba la chimanga kuchigayo, n'kudzaona zotsatira patapita maola ambiri, mwina mawa lake. Akaphonya chilembo chimodzi, ankayambiranso kudikira.

Mu 1959 John McCarthy analembera akuluakulu a ku MIT kuti makina amodzi angathe kugawidwa kwa anthu ambiri. Amene anachitadi zimenezi ndi Fernando Corbató ndi anzake, omwe mu Novembala 1961 anaonetsa pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa CTSS pa kompyuta ya IBM 709. Chinsinsi chake chagona poti munthu amachedwa, pomwe makina amafulumira. Pamene wina akuganiza choti alembe, kompyuta imangokhala. CTSS inkapatsa munthu mmodzi kachigawo kakang'ono ka sekondi, n'kusunga pomwe ntchito yake yafika, n'kulumphira kwa wotsatira, mpaka kubwereranso kwa woyamba uja asanadziwe kuti anasiyidwa. Itasamukira pa IBM 7094, anthu pafupifupi 30 ankatha kuigwiritsa ntchito nthawi imodzi, aliyense ali pa makina ake otayipira.

Kugawana kunabala vuto lomwe ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa liwirolo. Ngati zolemba za anthu ambiri zili m'makina amodzi, n'chiyani chingaletse wina kusuzumira za mnzake? Gulu la Corbató linapatsa aliyense mawu achinsinsi olowera, ndipo CTSS imatchulidwa kuti ili m'gulu la makina oyambirira kuchita zimenezi. Sipanatenge nthawi: wophunzira wina, Allan Scherr, ataona kuti maola omwe anapatsidwa akumuchepera, anasindikiza mndandanda wa mawu achinsinsi a anzake n'kumalowa m'maina awo. Makina sanamukanize, chifukwa sadziwa nkhope ya munthu. Amangokhulupirira amene watchula chinsinsi. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona agogo akutchulira PIN yawo mokweza pagulu kuti wina awadinire, kapena akuiulula kwa woimba lamya wonamizira kuti ndi wa kukampani.

CTSS inagwira ntchito mpaka 1973. Pofika pamenepo MIT, General Electric ndi Bell Labs anali atayamba kale pulogalamu ina yaikulu, Multics. Bell Labs itatulukamo mu 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anatengako nzeru n'kupanga Unix. Mu 1991 Linus Torvalds analemba Linux motsanzira kagwiridwe ka Unix, ndipo Linux ndiye maziko a Android, yomwe ili m'mafoni a Tecno ndi Itel ogulitsidwa m'mashopu a ku Balaka.